Gulu lathu lamaliro lagawanika: kodi nzeru za a Dagara zingatiyanjanitse?

"Ndine mayi wa ku Dedza, koma ndakhala ku Johannesburg zaka 16. Ndine wapampando wa gulu la Amalawi lomwe timasonkha ndalama mwezi ndi mwezi kuti mnzathu akatisiya tizitha kutumiza thupi kumudzi. Chaka chatha tinataya anthu awiri motsatizana, ndalama zinaperewera, ndipo thupi la wachiwiriyo linakhala kumochale masabata atatu. Chichokereni apo palibe mtendere. Pa WhatsApp ndi zonyozana zokhazokha, ena akuti msungichuma anadya ndalama, ena akuti ine ndimalamula ngati gulu ndi langa. Mwana wanga wamkazi wanditumizira mavidiyo a chiphunzitso cha anthu a Dagara. Akuti popeza ndinabadwa mu 1977 ndine munthu wa moto, n'chifukwa chake ndimapsa mtima msanga, ndiye komiti ikufunika anthu a madzi. Akutinso tichite mwambo wolira pamodzi. Ine ndine Mkatolika. Kodi zimenezi zingatithandize, kapena ndikufuna kulowetsa anthu m'zamizimu?"

Mayi, choyamba pepani ndi maliro awiriwo. Pepaninso ndi masabata atatu aja, chifukwa munthu amene sanayendepo khomo ndi khomo ndi kabuku ka zopereka thupi la mnzake lili kumochale sangadziwe kulemera kwake. Koma mtima ukhale pansi, gulu lanu silinafe. Gulu lakufa limangoti zii, anthu amatuluka pa WhatsApp mmodzimmodzi osatsanzika. Anthu anuwo akukangana chifukwa akulidalirabe, ndipo aliyense akudziwa kuti tsiku lina bokosi lopita kumudzi lidzakhala lake.

Ndakhala zaka zoposa 20 ndikuyanjanitsa makomiti a magulu osunga ndalama, a mipingo ndi a alimi, ndipo ntchito yomweyi inandifikitsa kumpoto kwa Ghana, komwe ndinakhala miyezi ingapo pakati pa anthu amene mwana wanu akunenawo. Mwanayo sanakusokeretseni ayi. Kungoti mavidiyowo akuonetsa mbali yosavuta kugulitsa, pomwe chimene chingakuthandizeni chili pena.

A Dagara amakhala mbali zonse ziwiri za mtsinje wa Black Volta: kumwera chakumadzulo kwa Burkina Faso, cha ku Dano ndi Diébougou, ndiponso kumpoto chakumadzulo kwa Ghana, cha ku Nandom, Lawra ndi Jirapa. Mtsinjewo unasanduka malire mu 1898 pamene Angerezi ndi Afalansa anagawana dzikolo, anthu a nyumba imodzi n'kupezeka m'maiko awiri. Ndi alimi a mapira, mchewere ndi mtedza, ndipo mowa wawo wa mapira ku Ghana amautcha pito. Chiphunzitso chimene chafala pa intaneti chinachokera makamaka kwa anthu awiri a ku Burkina Faso amene ankaphunzitsa ku America: Malidoma Somé, yemwe anabadwira ku Dano mu 1956 n'kumwalira mu 2021, ndi Sobonfu Somé, yemwe anamwalira mu 2017. Malidoma anatengedwa ali mwana kukaphunzira kwa ansembe achikatolika, anabwerera kwawo atakula n'kuvinidwa mwa makolo, kenako anakachita maphunziro apamwamba ku mayunivesite a Sorbonne ku France ndi Brandeis ku America. Iye ndi amene anatchukitsa zogawa anthu m'magulu asanu: moto, madzi, nthaka, mwala ndi chilengedwe. Chaka chothera ndi 2 kapena 7 ndi cha moto, 1 kapena 6 cha madzi, 0 kapena 5 cha nthaka, 4 kapena 9 cha mwala, 3 kapena 8 cha chilengedwe. Ndiye inde, mwa kawerengedwe kameneko ndinu wa moto.

Anthu awiriwa ndimawalemekeza, chifukwa anauza azungu molimba mtima kuti munthu sachira payekha. Komabe taganizirani: nambala 1977 inachokera kuti? Ndi ya kalendala imene inabwera ndi amishonale ndi atsamunda. Agogo a m'midzi ya Dagara zaka 200 zapitazo sakanaika munthu m'gulu poyang'ana nambala yomaliza ya chaka chimene iwo sankachiwerenga motero. Choncho njira yosankhira anthu imeneyi ndi yatsopano, yokonzedwa kuti anthu a masiku ano agwirepo. Ngati chithunzithunzi chokumbutsa kuti komiti imafuna anthu osiyana mitima, wina woona patali, wina woziziritsa, wina wokumbukira zonse, ilibe vuto. Ngati muyeso wosankhira komiti, musaigwiritse ntchito. Ndinaonapo wapampando wina wa gulu la alimi amene atangomva kuti ndi wa moto anayamba kukalipira anzake mosadziletsa, akamufunsa n'kumati ndi chibadwa chake. Ndipo kuchotsa munthu pa udindo chifukwa cha chaka chobadwa n'kumulakwira, kudzangowonjezera mlandu wina pa milandu imene muli nayo kale. Inu simupsa mtima chifukwa cha 1977. Mukupsa mtima chifukwa munasenza nokha katundu wa anthu ambiri kwa masabata atatu, ndipo palibe anakutulani.

Apa ndiye pali nzeru yeniyeni ya a Dagara yokhudza utsogoleri, ndipo mavidiyo ambiri saitchula. Atsamunda asanafike, anthuwa analibe mafumu olamulira dera lonse. Katswiri wa chikhalidwe wa ku Britain, Jack Goody, amene anakhala nawo m'zaka za m'ma 1950, analemba mwatsatanetsatane mmene mudzi unkayendera popanda mfumu. Nyumba iliyonse, imene amaitcha yir, inali ndi mkulu wake. Nthaka inali ndi kachisi wake, tengan, ndi womuyang'anira, tengan sob, wochokera ku banja la amene anayamba kufika pamalopo. Iyeyu ankapereka malo kwa obwera, kutsogolera nsembe za mvula ndi zokolola, ndipo magazi akakhetsedwa m'dera la kachisiyo, olakwawo ankayenera kulipira ndi kupepesa nthaka. Chiweto chosokera chopanda mwini chinali cha kachisi. Koma iye sankakhometsa msonkho, analibe asilikali, ndipo sankaombeza. Kuombeza kunali kwa wina. Zophunzitsa za bagre, mwambo wawo wovinira anthu, zinali m'manja mwa akuluakulu ena. Ngakhale chuma sichinkayenda njira imodzi: m'madera ena munda unkapita kwa ana a kuchimuna, pomwe ng'ombe ndi ndalama zinkapita kwa mwana wa mlongo, monga mmene timadziwira za malume kwathu. Mafumu anadzaikidwa ndi Angerezi ndi Afalansa pofuna munthu mmodzi woti aziwasonkhanitsira anthu ogwira ntchito ndi msonkho, ndipo mikangano ya malo pakati pa mafumu ndi oyang'anira nthaka ikumvekabe mpaka lero. Inu a ku Dedza izi si zachilendo kwenikweni: m'mbiri ya Amaravi, Kalonga anali ndi ufumu koma za mvula zinali kwa Makewana ku Msinja.

Tsono yang'anani gulu lanu ndi diso limeneli. Tengani pepala mulembe zoona zokhazokha. Maliro akachitika, foni yoyamba imalira kwa yani? Amene amalankhula ndi a kumochale ndi a galimoto ndi ndani? Wosaina kubanki? Woweruza anthu akayambana? Wotsegula pemphero? Wochotsa anthu pa WhatsApp? Ndikukhulupirira dzina lanu lituluka kanayi kapena kasanu. Simunalande ntchitozi. M'magulu ambiri amene ndaona, zimagwera munthu wodzipereka chifukwa ena ali kuntchito ndipo iye ndi amene amayankha foni usiku. Koma zotsatira zake n'zomwezo: zinthu zikalakwika, mkwiyo wonse umalunjika pa mutu umodzi, ndipo munthu amene akuimbidwa mlandu ndi yemweyo amene akuyenera kuweruza. Amene akuti mumalamula ngati gulu ndi lanu mwina akunena mwachipongwe, koma pali chinthu choona chimene akuchikhudza. Gawani ntchitozo, ndipo ntchito yoyanjanitsa anthu ichoke m'manja mwa wapampando kotheratu.

Za kulira pamodzi, mwana wanu wanena zoona kuposa mmene iye akudziwira. Ndinapita ku maliro m'mudzi wina pafupi ndi Nandom, ndipo sindidzawaiwala. Womwalirayo, bambo wachikulire, anamuveka zovala zake zabwino n'kumukhazika pa nsanja yokutidwa ndi nsalu, pabwalo, aliyense akumuona. Pambali pake anaika zokolola za m'munda mwake kuti anthu aone mmene ankalimira. Chapatali pang'ono panali oimba gyil, choimbira cha matabwa chokhala ndi zikho kunsi, chofanana ndi valimba ya ku Nsanje. Zikhozo amaziboola n'kumata pabowopo kachikopa kopyapyala, kale kanali ka mazira a kangaude, ndiye mawu ake amanjenjemera mpaka m'chifuwa. Aliyense wofika ankayamba wapita kunsanja, kulira, kuponya kandalama, kenako n'kupita kwa oimba. Chimene chinandigwira mtima ndi ichi: mwana wamwamuna wa womwalirayo anali ndi chingwe m'dzanja, ndipo mnzake anagwira mbali ina. Chisoni chikamukwera ankathamanga akulira kulowera kumunda, mnzakeyo n'kumamutsatira, osamuletsa, osamuuza kuti limba mtima. Ankangomulola kufika pamene chingwe chathera, n'kumubweza pang'onopang'ono. Izi zinkabwerezedwa kangapo, ndipo maliro otere amatha masiku atatu.

Panalinso anthu ena a fuko lina, amene mafuko awo amachitirana chipongwe mwa mwambo. Iwowa ankaseka, kuyerekeza mayendedwe a malemuyo, kulankhula zimene wachibale sangayerekeze. Ntchito yawo a Dagara amaifanizira ndi kuthira phulusa, kutanthauza kuziziritsa chinthu chotentha. Pakabuka mkangano pakati pa abale, munthu wotereyu akalowererapo onse amayenera kutsitsa mawu. Mphamvu yake imachokera poti si wa m'nyumbamo, alibe cholowa chimene akuyembekezera. Ife timazidziwa izi mwa adzukulu amene amaseka pamanda pomwe eni maliro akulira, ndipo ku Zambia Angoni ndi Abemba amachitirana chimbuya chomwechi. Paja amati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa.

Tsono funsani: anthu awiri aja munawalira liti? Masabata atatu aja munathera pa kuwerenga marandi, kuimba mafoni, kuthamangira mapepala. Thupi litanyamuka, a kumudzi anakhuza, analira, anaika, anameta. Inu otsala munabwerera kuntchito m'mawa mwake. Chisoni chimene sichinapeze bwalo chimatulukira pena, ndipo nthawi zambiri chimatulukira pa ndalama, chifukwa n'chapafupi kunena kuti "wadya ndalama" kusiyana n'kunena kuti "ndikuopa kuti nanenso ndidzagona kumochale masabata atatu". Sindikuti mukagule phulusa kapena kutengera mwambo wa eni. Mwambo wawo uli ndi eni ake, nthaka yake ndi makolo ake, ndipo kuuchita m'holo ya lendi poonera vidiyo n'kuupeputsa. Tengani mafupa ake okha. Konzani tsiku limodzi lokumbukira awiriwo. Ikani zithunzi zawo poonekera. Itanani amasiye ndi anzawo apamtima, aliyense akhale ndi munthu womukhalira pambali tsiku lonse, wosalankhula zambiri. Nyimbo zikhale zamaliro zakwathu zimene anthu amazidziwa pamtima, ndipo pasakhale wothamangitsa pulogalamu. Aloleni anthu anene mmene masabata aja anawapwetekera, inunso munene. Tsiku limenelo nkhani ya ndalama isakambidwe.

Koma pali msampha umene ndiyenera kukuchenjezani, chifukwa ine ndinagwamo. Ndili wamng'ono pantchitoyi ndinaitanitsa mapemphero oyanjanitsa gulu lina lomwe linali ndi nkhani ya ndalama zosowa, mabuku asanaonedwe. Theka la anthu silinabwere, ndipo obwerawo anati tikufuna kukwirira mlandu ndi nyimbo. Ananena zoona, ndipo zinanditengera miyezi kuti andikhulupirirenso. Choncho musanalengeze za tsiku lolira, lengezani kaye tsiku loona mabuku ndi dzina la woonayo. Akhale munthu wakunja kwa gulu, wodziwa zowerengera ndalama, wovomerezedwa ndi mbali zonse ziwiri. Apatsidwe masitetimenti a kubanki, kabuku ka zopereka ndi malisiti a maliro onse awiri. Nthawi zambiri zimene zimapezeka si kuba: ndi anthu amene anasiya kusonkha koma akuwerengedwabe, ngongole zopatsana mwachifundo zosalembedwa, ndi chopereka cha pamwezi chimene chinakhazikitsidwa kalekale mitengo isanakwere. Msungichuma wosalakwa amamasuka ndi kafukufuku wotere. Akakana kutulutsa mabuku, pamenepo mwadziwa kanthu.

Musaganize kuti mabuku ndi zachizungu ndipo mwambo ndiye zachiafirika. Ku Jirapa komweko, pakati pa anthu omwewa, n'kumene kunayambira bungwe losunga ndi kubwereketsana ndalama limene limatchulidwa kuti ndi loyamba mu Africa, mu 1955, mothandizidwa ndi wansembe John McNulty. Anthu amene amadziwa kulira pamodzi masiku atatu anadziwanso kuti ndalama ya gulu imafuna kulembedwa.

Izi zikundifikitsa pa nkhawa yanu ya chikhulupiriro. A Dagara ambiri lero ndi Akatolika anzanu. Ansembe a White Fathers anafika ku Jirapa mu 1929, ndipo mu 1932, mvula itagwa pambuyo pa mapemphero m'nthawi ya chilala, anthu anatembenuka mwaunyinji. Peter Poreku Dery, mwana wa dera la Nandom wobadwa mu 1918, anakhala episkopi woyamba wa dayosizi ya Wa ku Ghana mu 1960 ndipo anasankhidwa kukhala kadinala mu 2006. Iye analimbikira kuti chilankhulo cha anthu ake ndi nyimbo zawo zilowe m'Misa, ndipo gyil yomwe imalira pamaliro ija imaliranso m'tchalitchi. Anasiyanitsa chimene chikutsutsana ndi chikhulupiriro ndi chimene chili chabe njira ya anthu yokhalira pamodzi. Inunso mungathe kutero. Kugawa maudindo, kulira poyera, kuitana wakunja kudzaziziritsa mkangano, palibe chimene chikufuna nsembe kwa mizimu. Yambani ndi Misa yopempherera omwalirawo ngati anali Akatolika. Kumbukirani kokha kuti m'gulu la Amalawi ku Johannesburg simulephera kukhala Asilamu, a CCAP ndi a mipingo ya Pentekoste, ndiye mufunse mabanja awiriwo ndi atsogoleri a zipembedzo zawo musanakonze kalikonse. Chimene chingakusautseni mumtima kambiranani ndi bambo mfumu a parishi yanu.

Pali chinthu chimodzi cha m'chiphunzitso cha Malidoma ndi Sobonfu chimene ndimachikonda kwambiri: kuti mwana aliyense amabwera ndi mphatso imene mudzi ukuisowa, ndipo ntchito ya akuluakulu ndi kuizindikira n'kuitchula. Pamsonkhano wosankha maudindo, m'malo mofunsa kuti ndani akufuna udindo, funsani anthu kuti pa maliro aja anaona ndani akuchita chiyani bwino. Mudzamva mayina amene simunawaganizire: mnyamata wolondera amene anagona kumochale usiku uja, mayi wosalankhulalankhula amene amakumbukira amene anapereka ndi amene sanapereke. Amenewo ndiwo anthu anu a madzi ndi a mwala, ngati mukufuna kuwatcha choncho, ndipo mwawadziwa ndi ntchito zawo.

Pali malire amene musawadutse. Wina akati tipite kwa woombeza kuti tidziwe chimene chinapha awiriwo motsatizana, kanani pomwepo. Kwa a Dagara woombeza amagwira ntchito pakati pa abale odziwana, pali akuluakulu otha kubweza zinthu zikapita patali. Pagulu la anthu ochokera m'maboma osiyanasiyana, okwiya kale, ula umathera potchula munthu kuti ndi mfiti, ndipo munthu angavulazidwe. Kunenera munthu ufiti ndi mlandu pa lamulo la South Africa la 1957, monganso pa lamulo la Malawi la 1911. Chenjeraninso ndi aliyense wolipiritsa ndalama zambiri kuti akuchitireni "mwambo wa Dagara" kapena kukuvinani m'masiku awiri.

Woona mabuku akapeza kuti ndalama zinatengedwadi, musaweruze pa WhatsApp. Tsatani malamulo a gulu, lembani mgwirizano wobweza wosainidwa pamaso pa mboni, ndipo wolakwayo akakana funsani wodziwa malamulo kapena pitani kupolisi. Ngati gulu lilibe malamulo olembedwa ndi akaunti ya gulu yosainira anthu awiri kapena atatu, chimenecho chikonzedwe mwezi uno. Funsaninso za inshuwalansi yamaliro yophatikiza kutumiza thupi kunja kwa dziko, ndipo muonetsetse kuti kampaniyo ndi yolembetsedwa ku boma. Wina akayamba kuopseza mnzake, nkhaniyo yachoka m'manja mwa komiti.

Pomaliza ndi za inu mwini, mayi. Ngati tulo sitikubwera, chakudya sichikulowa, mukungolira kapena kukwiya kwa masabata ambiri osasintha, pitani kukliniki mukafotokoze, musadikire tsiku lolira lija. Bungwe la South African Depression and Anxiety Group limathandiza anthu pafoni, ndipo mungatumizekonso wamasiye aliyense amene mukuona kuti chisoni chamupitirira, makamaka akayamba kulankhula zofuna kudzipha. Pa tsiku lokumbukiralo inu musakhale woyendetsa mwambo. Khalani pakati pa olira, ndipo musankhiretu mayi mnzanu mmodzi woti akukhalireni pambali. Mwana wanuyo mumupatse ntchito yoitana anthu ndi kuwerenga mbiri ya omwalira awiriwo, ndipo mukaona mabuku mundilemberenso kuti tione za chopereka cha pamwezi.